Kwelani pa flyover, muione mvula ikalibe kufika

Sabata ino mukangena mu town, musathamangile chabe ku City Market kukagwila basi. Patulani mphindi khumi, mukwele pa flyover ya Church Road, paja pamwamba pa njanji, muimilile. Palibe wolipilitsa. Lusaka ni yosalala monga thebulo, ndiye pa ulalo uja thambo lonse limaoneka: Findeco House kum'mwela, mafakitale kumadzulo, ndipo kuseli kwake kuli Kanyama. Pansi pali njanji na fumbi, koma imwe yang'anani kumwamba, chifukwa mu November nkhani yonse ya tsiku imalembedwa kumeneko.

Kuseni, ma 07, kumakhala kuli mbee, dzuwa layamba kale kubaya pamutu. Pofika ma 10 mudzaona timitambo toyela monga thonje, pamwamba potukumuka, pansi pophwathalala ngati wina wadula na mpeni. Kuphwathalala kuja kuli na chifukwa chake. Dzuwa likatenthetsa malata, tala na nthaka, mpweya wapansi umatentha, umapepuka, uyamba kukwela utanyamula chinyezi chimene maso saona. Ukamakwela umazizila, pafupifupi madigili 10 pa kilomita iliyonse, mpaka ufika pamene sungakwanitsenso kusunga chinyezi chija. Pamenepo chinyezi chimasanduka timadontho, monga mmene chivundikilo cha poto chimachitila thukuta madzi a nsima akabila. Mitambo yonse ya tsikulo imayambila pa msinkhu umodzi womwewo, ndiye chake pansi pake pamalingana. Timadontho tija timafuna pogwilila, ndipo kuno sitivutika: fumbi, utsi wa mbaula na wa zinyalala zimene timaotcha m'komboni.

Nanga October yonse kunali kupya maningi, bwanji sikunagwe mvula yeniyeni? Kutentha kunalipo, chinyezi ndiye kunalibe. Miyezi ya chilimwe mphepo imabwela youma kuchokela kum'mawa. Manje ino ni nthawi imene mpweya wonyowa wa ku Congo umayamba kutsikila kuno kuchokela kumpoto chakumadzulo. Mukamva thupi likumata, shati yanyowa olo mwakhala chabe pamthunzi, zibani kuti alendo aja afika.

Ma 13 kapena ma 14 ndiye nthawi yoyang'ananso. Ngati timitambo tija tikali tating'ono, tomwazikana, yanikani zovala zanu. Koma ngati umodzi wakula kupita m'mwamba monga chulu, pansi pada bii, pamwamba payamba kufalikila mbali imodzi, uyo wabwela na nkhani. Mtambo wotele umatha kufika makilomita 12 m'mwamba. Findeco ija timanyadila ni mamita 90 chabe, mungaike zoposa 100 pamwamba pa inzake musanaufike pamutu. Kumwamba kuja kumazizila mpaka madzi kuuma, ndiye kumene matalala na kaleza zimabadwila. Mukaona kung'anima, yambani kupenda: masekondi atatu alionse bingu lisanamveke ni kilomita imodzi. Mukapenda atatu chabe, chokani pa ulalo, ndipo pansi pa mtengo musayese. Chizindikilo chothela ni kamphepo kozizila kamene kamabwela mwadzidzidzi, kuulutsa mapulasitiki. Azimayi a salaula amakadziwa bwino kuposa ise tonse, muone mmene amalongela msanga.

Sabata ya November nthawi zambili imayenda tele: kuseni dzuwa, masana kupya, mvula ya mabingu ma 15 mpaka ma 17, nthawi yeniyeni yokomboka pa nchito. Imagwa mwa zigamba. Ku Chelstone kungasefukile, ku Matero anthu akali kuthila madzi pa fumbi. Ndiye mukamva a Zambia Meteorological Department pa wailesi akuti mvula idzagwa m'malo ena, kwanu osagwa, musawanene kuti ni aboza. Mtambo umodzi sukwana Lusaka yonse. Mvula ija yokhalitsa usiku wonse, yosaleka, ni ya December na January.

Kwa okhala ku Kabulonga izi ni nkhani za ambulela chabe. Kwa ife a ku Kanyama, Misisi, John Laing na Chawama ni nkhani ya matilesi na thumba la unga. Pansi pa makomboni awa pali mwala, madzi ali pafupi maningi, ndipo malo ni otsika. Mvula ikagwa yamphamvu madzi alibe kopita. Amangena m'nyumba, amadzaza zimbudzi, ndipo za m'zimbudzi zimakumana na za m'zitsime. Simunaibale January wa 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala cha kolela ndipo ana anakhala panyumba mpaka February osatsegulila sukulu. Chaka chomwecho mvula inathawa, tinakhala mumdima malaiti kulibe. Ndiye mvula tiifuna, palibe wokana. Chovuta ni kutipeza tili gone.

Mukatsika pa flyover muli na maola awili kapena atatu. Tumani foni kunyumba aanule zovala, akweze unga na malasha pa mabuloko. Ngalande ya pakhomo muichotse mabotolo na mapulasitiki lelo, osayembekeza Chiwelu. Klorini wa m'madzi akumwa mugule manje akalibe kusowa m'tuntemba. Ndipo ngati mtambo wada kumadzulo, kwelani basi ya ma 14, chifukwa ikangoyamba kugwa makondakita amaiwala mtengo wa kuseni.