Telala Amene Amakana Kupereka Sizasi

Tonsefe timawadziwa matelala a m'makonde. Timawapeza ku Limbe, ku Mangochi, ku Liwonde ndi m'misika ina yambiri, atakhala kumbuyo kwa makina awo a Singer kapena Butterfly, tepi ili m'khosi. Ife takhala tikuwapatsa nsalu kuyambira tili ana, ndipo chimene chimatidabwitsa ndi ichi: matelala awiri amayamba chaka chimodzi, luso lawo n'lofanana, koma pakatha zaka khumi wina ali ndi makina asanu ndi anthu amene amadya chifukwa cha iye, pamene mnzake akadali pakhonde lomwe lija ndi makina amodzi omwe aja. Ife tikuona kuti chimawasiyanitsa ndi maganizo a mwini ntchito.

Malonda a telala sali ngati a golosale. Wagolosale amagulitsa katundu amene ali pashelefu, koma telala amagulitsa nthawi yake ndi lonjezo lake. Manja ake ndi awiri basi, ndipo tsiku silitalika chifukwa choti ntchito yachuluka. Tiyerekeze kuti iye amatha kusoka madiresi atatu patsiku. M'masiku khumi otsiriza a Ramadhan angathe kumaliza 30. Akalandira nsalu 50 chifukwa choopa kubweza ndalama, ndiye kuti makomo 20 adzafika tsiku la Eid opanda chovala. Anthu amenewo sabweranso, ndipo amakauzanso anzawo kuchitsime ndi kuchigayo. Telala amene ali ndi mtima wa utsogoleri amawerenga masiku ake, kenako amanena mwaulemu kuti, "Pepani mayi, buku ladzaza." Mayiyo amachoka atakhumudwa pang'ono, koma chaka chamawa amabwera msanga.

Nkhani yaikulu kwambiri ili pa sizasi. Matelala ambiri amalola mnyamata wophunzira ntchito kusita, kusokerera mabatani ndi kupinda m'mphepete, koma kudula nsalu amakumana. Amati mwanayo angaononge nsalu ya eni ake, ndipo n'zoona kuti nsalu yodulidwa molakwika siibwerera. Komabe pansi pa mtima pali mantha ena, akuti akadziwa kudula adzachoka n'kutenga makasitomala. Mantha amenewa ndi amene amamanga malonda kuti asakule, chifukwa ngati wodula ndi mmodzi, ntchito yonse imaima iye akadwala malungo kapena akapita kumaliro. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Ife timaphunzitsa ana, ndipo tikudziwa kuti mwana sadziwa kulemba pongoyang'ana dzanja la mphunzitsi. Amayenera kugwira choko yekha. Telala wanzeru amayamba ndi kumupatsa mnyamata mapepala a matumba a simenti kuti adulepo, kenako zidutswa zotsala, kenako yunifomu ya sukulu imene kadulidwe kake sikasinthasintha. Inde, ena mwa ophunzirawo adzachoka, monga mmene iye mwini anachokera kwa amene anamuphunzitsa. Koma wochoka mwamtendere amatumiza ntchito kwa mphunzitsi wake ikamuchulukira. Ndipo achinyamata amene akufuna kuzama pa luso ali ndi kolowera, chifukwa kuyambira 1999 dziko lino lili ndi bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja.

Chachitatu ndi buku. Miyeso ya munthu, tsiku lodzatenga, ndalama imene wapereka ndi imene yatsala, zonsezi zisakhale m'mutu mwa mwini yekha. Zikalembedwa, wantchito aliyense angathe kuthandiza kasitomala bwana kulibe. Bukulo limaonetsanso mtengo weniweni wa ntchito. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ulusi, mazipi ndi singano, zomwe zambiri zimachokera kunja, zinakwera mtengo. Telala amene sankalemba anapitiriza kulipiritsa mtengo wakale, akudya mpamba wake osadziwa. Amene ankalemba anaona msanga ndipo anafotokozera makasitomala ake chifukwa chimene wakwezera.

Pakhomo pakhalenso mwambo. Ndalama ya m'kabati ya shopu si ya ndiwo. Mwini ntchito adziikire malipiro monga amachitira ndi antchito ake, ndipo antchitowo alandire zawo pa tsiku limene anapangana, iye asanatenge zake. Mayi ndi ana akamvetsa zimenezi, amakhala oyamba kuteteza mpamba.

Pomaliza, mtsogoleri amakonzekera tsiku loipa. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo magetsi anavuta kwa miyezi yambiri. Amene anasunga makina opalasa ndi phazi ndi simbi yamakala pambali pa zamagetsi sanaimitse ntchito.

Zimene tanenazi zikukhudzanso ometa tsitsi, okonza njinga, owotcherera zitsulo ndi amayi ophika paukwati. Inu amene muli ndi ntchito yotere, dzifunseni usiku uno: mutachokapo sabata imodzi, kodi ntchito idzayenda? Ngati yankho ndi ayi, mawa m'mawa muyambe kuphunzitsa munthu wina kugwira sizasi.