Feso, ndi mabuku amene sanafike ku Mufakose

Abale anga a ku Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi ku Niassa, kuno ku Harare nkhani yochotsa mabuku m'kalasi ili ndi dzina, ndipo dzinalo ndi Feso. Bukuli, lolembedwa ndi Solomon Mutswairo m'zaka za m'ma 1950, ndilo nthano yaitali yoyamba kusindikizidwa m'Chishona. Boma la Rhodesia poyamba linalilola m'sukulu za anthu akuda, poganiza kuti ndi nkhani chabe ya mafumu amakedzana. Koma m'kati mwake munali ndakatulo yodandaulira Nehanda, mzimu umene unkalankhula kudzera mwa mayi Charwe, yemwe atsamunda anamunyonga mu 1898. Ndakatuloyo itayamba kulakatulidwa pamisonkhano yomenyera ufulu, mpaka Simon Muzenda kumangidwa chifukwa cha iyo, bukulo linalandidwa m'manja mwa ana asukulu. Lero ana a ku Highfield ndi ku Mbare amaimba mawu a Mutswairo yemweyo pamzere wa m'mawa, pakuti ndiye analemba nyimbo ya fuko imene inayamba kuimbidwa mu 1994.

Ufulu sunaphe chizolowezicho. Mu 1981 bungwe lounika mabuku, likugwiritsabe ntchito lamulo la azungu la mu 1967, linaletsa Black Sunlight ya Dambudzo Marechera, ndipo linabweza chiletsocho anthu ophunzira atadandaula. Inu a ku Malawi mukudziwa za ndakatulo za Jack Mapanje, zimene zinachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu mwini wake asanatsekeredwe ku Mikuyu mu 1987.

Komabe ine Feso ndimamuchitira kaduka. Buku loletsedwa limakhala kuti linawerengedwapo, wina analiopa. Agogo anga anachokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito, ndipo ine ndinabadwira ku Mufakose, kumene anzathu ankatitcha mabhurandaya. Kusekondale tinawerenga Chishona ndi Chingerezi. Shakespeare tinamuloweza ndithu. Chichewa chinkathera pachipata cha sukulu. Palibe nduna imene inasaina kalata yoletsa Nthondo ya Samuel Josia Ntara, imene inatuluka mu 1933. Sinafike basi, ndipo palibe anaifunsa. M'nyumba mwathu mabuku a Chichewa anali awiri: Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo la mpingo wa CCAP, onse okutidwa ndi pepala la khaki. Nthondo ndinaigwira koyamba ndili ndi ana anga kale, msuweni atandibweretsera pabasi kuchokera ku Lilongwe, podzera ku Nyamapanda.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Tinakondwera. Sabata yatha ndinafunsa mdzukulu wanga, yemwe ali fomu 3, ngati kusukulu kwawo kuli buku lililonse la chilankhulo cha agogo ake. Anandiyankha m'Chishona, mwaulemu wonse, kuti akafunsa aphunzitsi Lolemba.