Njinga m'mbali mwa Canal du Midi

...ndiye ndangoona kanema wa anthu akupalasa njinga m'mbali mwa Canal du Midi ku France, mtima wanga dyokodyoko. Ngalande ya makilomita 240, yokumba pamanja, inatsegulidwa mu 1681, kuchokera ku Toulouse mpaka ku Étang de Thau kufupi ndi Sète. Kanjira kake m'malo ambiri n'kadothi ndi timiyala, momwe kale mahatchi ankadutsa akukoka mabwato. Galimoto mulibe, hutala osamveka. Uku madzi ali phee, uku minda ya mphesa ya ku Minervois yangoti biriwiri.

Ine wozolowera kupalasa ndikucheukacheuka ngati ndaba nkhuku, kumeneko ndikhoza kusinza pachishalo.

Anzanga, atakupatsani sabata imodzi, mungaimalize ngalandeyi kapena mungathere m'munda wa mphesa woyambirira?