Munthu amene mpira unkamuthawa

M'chaka cha 2010, Nnamdi Asomugha, wosewera wa timu ya Oakland Raiders ku America, sanalande mpira wa adani ngakhale kamodzi chaka chonse. Pa tsamba la ziwerengero, pomwe anzake analembedwa 5 kapena 6, iye analembedwa 0. Koma chaka chitatha, atolankhani a zamasewero a m'dzikomo atakhala pansi kusankha akatswiri, anati pa malo amene iye ankasewera opambana onse anali awiri: iyeyo ndi Darrelle Revis wa New York Jets. Munthu wopanda kanthu m'manja kupatsidwa ulemu woposa amene anadzaza nkhokwe. Nkhani imeneyi yakhala ikundizunguza mutu, ndipo ndati lero ndikambirane nanu, awerengi, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a inu mpira umenewu mumangouona m'mafilimu.

Poyamba tigwirizane za mpirawo. Si wozungulira ngati wathu uno, ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri amaunyamula ndi kuuponya ndi manja. Mbali iliyonse kumakhala anthu 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo. Woponya mpira amamutcha quarterback, ndipo othamanga kukauwakha kutsogolo ndi ma receiver. Tsono cornerback ndi munthu amene amaima maso ndi maso ndi receiver, chakumphepete kwa bwalo, kuti mpira usamufike.

Ntchito imeneyi ndi yosautsa. Receiver amadziwa kumene akupita, chifukwa anapangana kale ndi woponya. Cornerback sadziwa kanthu. Amayamba kuthamanga chafutambuyo, maso ali pa chiuno cha mnzakeyo, kudikira kuti akhotere kuti. Lamulo limamulola kumukankha m'mayadi asanu oyamba okha. Kupitirira apo, akamugwira ndi mlandu. Akaterereka kamodzi, bwalo lonse limaona, ndipo mawa dzina lake lili m'nyuzi.

Asomugha anabadwa mu 1981 ku Lafayette, m'chigawo cha Louisiana, kwa makolo a mtundu wa Igbo ochokera ku Nigeria, ndipo anakulira ku Los Angeles. Ku America kawirikawiri munthu safika mu ligi yaikulu ya NFL asanadutse ku koleji, chifukwa matimu a makoleji ndiwo nazale ya osewera. Iye anapita ku University of California, ku Berkeley, komwe anasewera kuyambira 1999 mpaka 2002, uku akuphunzira za kayendetsedwe ka chuma. Masiku amenewo wosewera wa pa koleji sankalandira malipiro. Ankangomulipirira sukulu, chakudya ndi pogona, pomwe makoleji ankakolola ndalama zankhaninkhani pa zipata ndi pa TV. Zinayamba kusintha mu 2021, pomwe anawalola kupanga ndalama ndi mayina awo.

Timu ya koleji yakeyo inali yofooka. Mu 2001 inapambana kamodzi kokha pa masewero 11. Chaka chotsatira, atabwera mphunzitsi watsopano Jeff Tedford, inapambana kasanu ndi kawiri. Ndipo nthawi yambiri ku kolejiko Asomugha sankasewera ngati cornerback. Anali safety, wotchinga wa kumbuyo kwenikweni amene amayang'ana bwalo lonse. Choncho mu 2003, pa mwambo wa draft umene matimu amasankhirapo anyamata ochokera m'makoleji, a Raiders atamutenga pa nambala 31, ambiri anadabwa. Mwini timu, malemu Al Davis, ankakonda anyamata aatali ndi aliwiro, ndipo mwa mnyamata uyu wa mamita 1.88 anaona munthu woti angaime ndi receiver payekha popanda womuthandiza.

Zaka zitatu zoyamba sanalande mpira. Ziro, ziro, ziro. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mkulu uja anagula mphaka ali m'thumba. Kenaka mu 2006 analanda mipira isanu ndi itatu. Oponya mpira a matimu ena anaphunzirapo kanthu: kumene kuli nambala 21 wa Raiders, usaponyeko. Kuyambira pamenepo ankamuyesa pafupifupi kawiri kokha pa masewero athunthu. Mu 2007 analanda umodzi, mu 2008 umodzi, mu 2009 umodzi, mu 2010 palibe. Tsono onani: ziro wa 2004 ndi ziro wa 2010 pa pepala amafanana ngati mapasa. Woyambayo ndi wa mwana amene sanaidziwe ntchito. Wachiwiriyo ndi wa mmisiri amene adani amuopa mpaka kumusiyira theka la bwalo. Wongowerenga pepala sangawasiyanitse.

Ndayesa kufufuza pa intaneti makanema a masewero ake a zaka zimenezo. Mudzaseka, koma munthuyo saoneka. Kamera imatsata mpira, ndipo mpira sumapita kwa iye. Umangomuona pachiyambi atawerama pamaso pa receiver, mikono yake yaitali ili tambalale, kenaka onse awiri atuluka m'chithunzi. Zimene zikuchitika kumeneko, nkhondo yeniyeniyo, owonera kunyumba sakuziona. Umangodziwa kuti wapambana chifukwa woponya wayang'ana mbali yake, wagwedeza mutu, n'kutembenukira kwina.

N'chifukwa chiyani ine, wolemba ndakatulo ndi tinkhani ta m'nyuzi, zikundikhudza chonchi? Ine ndimadya malinga ndi zimene zasindikizidwa. Nkhani ikatuluka, pali ndiwo. Ikapanda kutuluka, ndi nsima ya mchere. Koma ntchito imene ndimainyadira koposa nthawi zina ndi imene sinaoneke: mphekesera imene ndinaitsata sabata yathunthu, n'kupeza kuti ndi bodza, n'kuisiya. Munthu wina dzina lake silinadetsedwe, ndipo iye sadziwa n'komwe. Palibe amene amalipira nkhani yosalembedwa. Kumapeto kwa mwezi pa pepala langa pamakhala ziro, ndipo mwini nyumba safunsa kuti ziro ameneyu ndi wamtundu wanji.

Inunso m'tauni muno mumamudziwa munthu wotere. Mlonda amene wakhala pa geti panu zaka zisanu osabedwa ngakhale ndowa, tsiku lina mumayamba kufunsana ndi akunyumba kuti, "Kodi ameneyu tikumulipiriranji? Kuno kulibe akuba." Eti kulibe akuba! Simunaganize kuti mwina akubawo anadutsa, anasuzumira, n'kuona kuti pano pali maso. Chimodzimodzi wa zaumoyo amene m'dera lake kolera sanafike, kapena makaniko amene minibasi yake sinafe pa msewu. Timathokoza wozimitsa moto, koma amene analetsa kuti usabuke sitimudziwa ndi dzina lomwe.

Kunena zoona, Asomugha sanadandaule za m'thumba. Mu 2009 a Raiders anamupatsa mgwirizano wa zaka zitatu wa madola opitirira 45 miliyoni, ndalama zimene wotchinga kumbuyo aliyense anali asanalandirepo. Akatswiri anzake ankadziwa chimene iye anali, ndipo anasankhidwa katatu kotsatizana, 2008 mpaka 2010, kukasewera mu Pro Bowl, masewero a akatswiri okhaokha. Chimene chinamusowa ndi chipambano. Mutu umodzi susenza denga. Kuyambira 2003 mpaka 2009, chaka chilichonse Raiders inkagonja kosachepera ka 11 pa masewero 16. Iye akatseka khomo lake, adani ankalowera pa zenera la mnzake. Pafupifupi zaka zake zabwino zonse zinathera mu timu yogonja.

Ndiye mu 2011, ali ndi zaka 30, anasamukira ku Philadelphia Eagles pa mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 60 miliyoni. Timuyo inasonkhanitsa mayina akuluakulu chaka chimenecho, ndipo anthu ankati chikho chapita kale. Koma kumeneko sanamugwiritse ntchito monga ku Oakland. M'malo momusiya ndi munthu mmodzi kuti alimbane naye, kawirikawiri ankamuuza kulonda dera, kapena kumusuntha uku ndi uku. Woyang'anira otchinga, Juan Castillo, anali atangochoka kumene pa ntchito yophunzitsa osewera a mbali ina, yoteteza woponya mpira. Komanso miyendo inayamba kulemera. Tsabola wakale sawawa. Oponya mpira anasiya kumuopa, anayamba kumuyesa, ndipo kambiri ankamupeza.

Apa ndi pamene pali chodabwitsa chachiwiri. Mu 2011, chaka chimene aliyense ankati munthu uja watha, analanda mipira itatu, yofanana ndi yonse imene analanda m'zaka zinayi za ulemerero wake kuphatikiza pamodzi. Nambala inakwera chifukwa mantha anatsika. Mdzukulu wathu amene adzatsegule buku la ziwerengero adzati 2011 chinali chaka chabwino kuposa 2010, ndipo adzakhala atanamizidwa ndi manambala oona.

Eagles inapambana kasanu ndi katatu mu 2011, kanayi kokha mu 2012, ndipo mu March 2013 inamumasula. San Francisco 49ers inamutenga, anasewera katatu, n'kumumasulanso mu November. Mu December chaka chomwecho anasaina mgwirizano wa tsiku limodzi ndi Raiders kuti apume ali wa kwawo. Zaka 11, mipira yolanda 15, osalawako ngakhale kamodzi masewero a ndime yachipulula imene imatsogolera ku Super Bowl. Ku Philadelphia mpaka lero dzina lake limatchulidwa pokamba za ndalama zolowa m'madzi. Ku Oakland amene anamuona ndi maso pa bwalo amanena zina.

Ine ndili kumbali ya a ku Oakland, osati chifukwa cha chisoni ayi. Zaka ziwiri zoipa zinaonekera pa TV chifukwa mpira unkapita kwa iye. Zaka zinayi zabwino sizinaonekere chifukwa sunkapitako. Tikamuweruza ndi zimene kamera inajambula, tikhala tikuweruza munthu ndi masiku ake ofooka okha. Ndipo ndi mmene timachitira ndi alonda athu, aphunzitsi athu, ngakhale makolo athu: tsiku limodzi limene mbala inalowa timalikumbukira, mausiku chikwi amene tinagona tulo tabwino tinawaiwala kalekale.

Atasiya mpira, Asomugha anaika mtima pa zisudzo. Anakwatira Kerry Washington, katswiri wa mafilimu, mu 2013, ndipo mu 2017 anathandiza kupanga filimu ya Crown Heights, yofotokoza nkhani yoona ya Colin Warner, amene anakhala m'ndende ku New York zaka zoposa 20 pa mlandu wakupha umene sanapalamule. Asomugha sanatenge mbali ya wandendeyo, mwini nkhani. Anasewera ngati Carl King, mnzake amene anatsala kunja, n'kumayenda m'maofesi ndi m'makhoti chaka ndi chaka, kufunafuna mboni ndi maloya, mpaka Warner anatuluka mu 2001. Filimuyo inalandira mphoto ya owonera ku chikondwerero cha Sundance. Ulendo uno kamera inali pa iye, ndipo anthu anaona ndi maso awo mmene munthu amakakamirira pa mnzake osamutaya.