Nsomba ya ku Nyanja ya Mcere pa Msika wa Nkwazi

Komboni ya Nkwazi mu Ndola inatenga dzina la mbalame yodya nsomba, yomwe ija ili pa mbendera ya dziko lathu, koma ilibe nyanja ngakhale thamanda loti nkwazi n'kuterapo. Komabe pa matebulo a msika nsomba sizisowa. Pali kapenta wa ku Siavonga, buka-buka wa ku Mpulungu, cisense ca ku Luapula, ndipo pambali pa zonsezi pali nsomba ina yotuwa, ya maso akulu, imene amai amaithyola m'katoni ikali youma gwa ndi cisanu. Ife timaicha makerele. A ku Mozambique amati carapau, a ku Congo mpiodi, ndipo ku Namibia kumene imacokera ambiri amati maasbanker. Ana athu akula nayo, koma ndi owerengeka amene angakuuzeni kwao kwa nsombayi.

Njira yake ndi yaitali, makilomita opitirira 2,000. Mukafuna kuilondola mobwerera, mucoke pa Ndola kudzera pa Kapiri Mposhi, Kabwe, Lusaka ndi Livingstone, mutsate Zambezi kufikira pa Sesheke. Pamenepo pali mlatho umene unatsegulidwa m'caka ca 2004. Kale magalimoto anali kudikira pantoni. Mukaoloka muli pa Katima Mulilo, m'dziko la Namibia. Kuyambira apo ndi Rundu, Grootfontein, Otjiwarongo, ndipo mitengo imanka nifupika, udzu nucepa, mpaka kutsale miyala ndi mcenga wokhawokha. Malole amene mukumana nao m'njira anyamula nsomba m'mabokosi ozizira. Amene mupita nao limodzi anyamula mkuwa wa m'migodi yathu. Tingati timatumiza mwala, iwo natibwezera ndiwo.

Doko la Walvis Bay ndi malo odabwitsa kwa munthu wa ku Copperbelt wozolowera mvula ya Disembala. Kumbuyo kwa mzinda kuli mapiri a mcenga a cipululu ca Namib, kutsogolo nyanja ya Atlantic. Mvula siigwa kawirikawiri, koma m'mawa nkhungu imakuta zonse, ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa. Cinsinsi ca nsomba cili m'kuzizira komweko. Mafunde ochedwa Benguela amadza ndi madzi ozizira kucokera kumwera, ndipo mphepo imakankha madzi a pamwamba kuwacotsa kugombe, a pansi nakwera ndi cakudya ca tizilombo tating'ono timene nsomba zimadya. Mtunda ulibe msipu, koma nyanjayo ndiyo dambo lao.

Kumpoto kwa doko, kupyola Swakopmund kufikira ku Henties Bay, ndiko kwa aweza a mbedza. Ndinaima nthawi yaitali kuwapenya. Alibe bwato, aima pa mcenga, ndodo yaitali kuposa nsungwi ya denga ili m'manja, naponya nyambo kutali kuseri kwa mafunde. Ambiri ndi alendo a ku South Africa amene amadza pa chuti ca Khrisimasi, magalimoto ao atandandalika m'gombe monse. Pakati pao pali amuna a m'makomboni a komweko amene kuweza si masewera, ndi cakudya ca ana. Onsewa adziwa kuti nsomba ili ndi mwezi wake. Kabeljou, imene aikonda koposa, m'miyezi yotentha imatsikira kumwera kukaswana ca ku Sandwich Harbour, ndipo mweza wanzeru aitsata kapena kuidikira. Boma limafuna cilolezo, lawerenga nsomba zimene munthu angatenge pa tsiku, ndipo yocepa msinkhu iyenera kubwezedwa m'madzi. Ku Ulaya nako n'cimodzimodzi: makerele a kumeneko amayandikira magombe a Britain m'cilimwe cao, anthu nathamangira ndi mbedza, kuzizira kukadza nsombayo nibwerera kozama.

Makerele athu sagwidwa ndi mbedza ai. Aakulu amakhala kutali, ndipo lamulo la Namibia limaletsa zombo zokoka makoka kugwira m'madzi osafika mamita 200 kuzama, pofuna kuteteza ana a nsomba amene amakulira pafupi ndi mtunda. Zombo zimenezi zimakhala pa nyanja masabata, ndipo zambiri zimaumitsa nsomba ndi kuziika m'makatoni zikali komweko. M'zaka zozungulira 2020 boma linali kulola matani opitirira 300,000 pa caka, ndipo pambuyo pake linayamba kucepetsa.

Apa ndipo pali cimene cindidetsa nkhawa. Nsomba ya m'firiji imatinamiza. Imaoneka cimodzimodzi mu Januwale ndi mu Julayi, ngati ilibe nyengo, ngati yosatha. Anthu a ku Walvis Bay adziwa kuti si tero. M'caka ca 1968 nyanja yomweyo inapereka matani oposa miliyoni imodzi a nsomba ya pilchard, ija ya m'zitini imene akulu amaikumbuka. Zombo zinakokolola mosaleka, ndipo pasanapite zaka zambiri nsombayo inagwa. Namibia italandira ufulu mu 1990 inayesa kuisamala, koma madzi akatayika saoleka: mu 2018 anaimitsa kugwira pilchard kotheratu. Ngakhale makerele eni ake analowa m'mlandu. Mu Novembala 2019 nduna ziwiri, a Bernhard Esau a zausodzi ndi a Sacky Shanghala a zacilungamo, anatula pansi udindo zitamveka kuti kampani ya ku Iceland inapereka ziphuphu kuti ipeze zilolezo zogwira nsomba imeneyi. Nkhaniyo inachuka ndi dzina lakuti Fishrot. Ndi anthu angati pa msika wa Nkwazi amene anadziwa kuti mlanduwo unali wa ndiwo zao?

Tisaiwale kuti nafenso tili ndi nyengo yathu. Caka ndi caka, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, boma limatseka usodzi pa Bangweulu, Mweru, Kafue ndi madzi ena ambiri kuti nsomba ziswane. Imeneyo ndiyo miyezi ya njala ndi ya ndalama za sukulu, ndipo kawirikawiri Lacitatu la Phulusa limatipeza ciletso cisanathe kapena citangotha kumene. Mai wofuna kusunga Lacisanu lopanda nyama, pamene pale wakwera mtengo, amagwira makerele. Motero kupuma kwa Bangweulu kumalipiridwa ndi nyanja ya anthu ena.

Ndiponso si zonse zimene zimatsikira pa Ndola. Malole ambiri amangopyola, kudzera pa Kitwe, Chingola ndi Chililabombwe kunka ku Kasumbalesa, kumene ogula a ku Lubumbashi amadikira, anyamata nanyamula makatoni pa njinga kuolotsa malire. Mtengo wa kumeneko ukakwera, mulu wa pa Nkwazi umacepa. Magetsi nao ali ndi mau: mu 2024, madzi atatsika pa Kariba cifukwa ca cilala, mafiriji anali kukhala ozima maola ambiri, ndipo amai ogulitsa anali kugula katoni imodzi yokha m'mawa, kuti dzuwa lisanapendeke ikhale itatha.