Bibury, mudzi umene unkanunkha ubweya wa nkhosa

Kalekale munthu akamatsikira ku Bibury, kamudzi ka ku Gloucestershire m'dziko la England, ankalonjeredwa ndi fungo la ubweya wa nkhosa komanso phokoso la madzi akupukusa gudumu la chigayo. Lero amalonjeredwa ndi mabasi. Nyumba ndi zomwezo, mtsinje wa Coln ukuyendabe mwakachetechete pakati pa mudzi, koma chimene chinachititsa kuti nyumbazo zimangidwe chinatha kalekale.

Mudziwu si wa dzulodzulo. Unalembedwa m'kaundula wamkulu wa Domesday mu 1086, ndipo tchalitchi cha St Mary chidakali ndi zipupa zina zomangidwa ndi Asakisoni nthawi imeneyo isanakwane. Koma chimene anthu amathamangira ndi Arlington Row, mzere wa tinyumba ta miyala toguna, totsamirana ngati nkhalamba zimene zikuothera dzuwa pakhonde. Cha m'ma 1380 amonke anamanga mzerewu ngati chinyumba chimodzi kuti azisungiramo ubweya, pakuti masiku amenewo chuma cha dera la Cotswolds, kumene kuli mudziwu, chinali pamsana pa nkhosa. M'zaka za m'ma 1600 anachigawagawa kukhala tinyumba ta anthu oomba nsalu.

Apa ndi pamene mtima wanga umakhalitsa. Tangoganizani banja lonse m'kanyumba kotsika denga, bambo ali pa makina oombera kuyambira mbandakucha, mayi ndi ana akupota ulusi pafupi ndi kawindo kuti aone bwino. Nsalu ikatha, ankapita nayo ku Arlington Mill, chigayo cha madzi chapafupi pomwepo, kukaipuntha ndi kuitsuka kuti mafuta a nkhosa achoke. Kenako ankaiyanika pa matandala amitengo m'dambo la Rack Isle, patsogolo penipeni pa nyumbazo. Chilichonse chinali pamtunda woyenda wapansi: nkhosa kuphiri, ulusi m'nyumba, madzi pachigayo, mphepo padambo. Ngakhale miyala ya zipupa ndi ya padenga inakumbidwa m'dera lomwelo, n'chifukwa chake nyumbazo zimaoneka ngati zinamera m'nthaka. Moyo sunali wofewa ayi. M'nyumbamo munkazizira, chinyezi chili thoo, malipiro ochepa. Komabe unali mudzi wa anthu odziwana, odya thukuta lawo pamalo amodzi.

Mafakitale akuluakulu atabwera, ntchito ya nsalu inasamukira kwina, ndipo Bibury inatsala duu. Umphawi womwewo ndi umene unaipulumutsa, chifukwa panalibe wa ndalama zogwetsera zakale n'kumanga zatsopano. William Morris, katswiri wa zaluso wa m'zaka za m'ma 1800, atauona anautcha mudzi wokongola koposa m'England yense, ndipo mbiri inawanda. Bungwe la Royal Society of Arts linagula Arlington Row mu 1929 kuti isagwe, kenako inapita m'manja mwa bungwe la National Trust. Chithunzi chake chinafika mpaka m'kati mwa pasipoti ya Britain.

Lero dambo la Rack Isle ndi malo otetezedwa a mbalame ndi tinyama ta m'madzi. Chigayo chija chinasanduka nyumba yokhalamo anthu. Ntchito yakale imene yatsalako ndi yoweta nsomba za trout, imene inayamba mu 1902. Anthu a m'mudzimo ndi mazana ochepa chabe, koma nyengo yotentha alendo amakhamukirako mpaka misewu yopapatizayo kudzaza.

Nkhani imene imandiwawa ndi ya gogo wina wokhala pafupi ndi Arlington Row. Alendo ankadandaula kuti galimoto yachikasu ya gogoyo, imene ankaimika pakhomo pawo, ikuwononga zithunzi. Mu 2017 anthu ena anaikandakanda ndi kuswa magalasi ake. Taonani pamene zinthu zafika: mwini mudzi kusanduka chopinga pamudzi pake! Chotonthoza n'chakuti eni magalimoto achikasu ambirimbiri anamva nkhaniyi n'kubwera pamdipiti kudzaima nawo gogoyo.

Ndimathokoza amene anasunga miyalayi, pakuti popanda iwo bwenzi tikungomva nthano. Koma inu amene mudzakhale ndi mwayi wofika ku Bibury, musakasuzumire m'mawindo kapena kukwera pamipanda pofuna chithunzi. M'tinyumba timeneti mukukhalabe anthu, ndipo amalipira lendi.