Zach Edey: muyang'aneni kumapazi

Mukamakamba za Zach Edey mumangothamangira mamita 2.24 aja ndi mapointi 37 amene anamwetsa pa fainolo ya makoleji ya 2024, tsiku lomwe timu yake ya Purdue inagonja kwa UConn. Ine maso anga amakhala kumapazi kwake. Ku koleji chimphona chimaloledwa kuzika mizu pansi pa basiketi n'kumadikira adani. Ku NBA ukaima pamenepo masekondi opitirira atatu usakutchinga munthu, wezulo walira kale. Ndiye amakukokera kunja, kamnyamata kaliwiro n'kukulambalala usanatembenuke n'komwe. Fairleigh Dickinson, anyamata aafupiafupi, anatulutsa Purdue m'ndime yoyamba ya mpikisano wa makoleji mu 2023 pomuthamangitsa Edey chomwecho. N'chifukwa chake sindinadabwe Portland itasankha Donovan Clingan pa nambala 7 pa chisankho cha osewera atsopano a NBA, poti Clingan kutchinga ndiye ntchito yake.

Koma Memphis sinalakwe kutenga Edey pa nambala 9, ndipo apa sindisuntha. Mpira akaulandira pafupi ndi basiketi sauphonya wamba, akamuchita faulo amagoletsa. Mnyamata wa ku Toronto ameneyu anayamba basketball mochedwa, atatha ubwana wake pa hockey ndi baseball, koma anakhala katswiri wa makoleji onse a ku America zaka ziwiri zotsatizana.